Ankafuna Ndinene Kuti Ma Meuf

Ndinafika ku Handsworth ndili mnyamata woti munthu akandifunsa dzina ndinkayamba ndayang'ana nsapato zanga. Sukulu yonse ndinaphunzira kumudzi kwathu ku Mchinji, komwe ankatiuza kuti mwana wamakhalidwe salankhula wamkulu asanamalize, ndipo phunziro limenelo linandilowa kuposa masamu. Amene ananditenga ndi amayi aang'ono, ang'ono awo enieni a amayi anga, omwe anali nesi pachipatala china chachikulu mu Birmingham. Anagwirizana ndi akumudzi kuti ndilowe koleji, ndipo masiku opanda makalasi ndizigwira ganyu kuti ndisakhale mtolo pakhomo. Ana awo awiri, obadwira konkuno, ndikawalankhula Chichewa ankandiyankha Chingerezi, ndipo ankaitanizana kuti adzaone momwe ndimalandirira kapu ya tiyi ndi manja awiri.

Ganyu ndinaipeza kunja kwa Coventry, m'chinyumba chachikulu chosungiramo katundu. M'mawa minibasi inkatitola pakona pafupi ndi golosale ya Mmwenye, n'kukatitula pageti manja ali m'matumba chifukwa cha chisanu. Ntchito yake inali kupinda zovala, kuika m'katoni, kumata tepi, kukankhira kutsogolo. Mmalawi ndinali ndekha. Ambiri pa laini yathu anali olankhula Chifalansa: a ku Kongo, a ku Ivory Coast, ndi ena amene anakulira ku Falansa n'kuwoloka kudzafuna ntchito.

Moyang'anizana nane pathebulo pankaima mtsikana wina. Anabadwira ku Kinshasa, anakulira m'mafulati a kunja kwa Paris, ndipo ku Handsworth ankakhala kwa amalume ake. Tepi ankaikoka ngati akukangana nayo. Tsiku lina katoni inandipulumuka n'kugwa pansi, ine mosaganiza n'kunena kuti pepani.

"Ukupepesa ndani?" anandifunsa m'Chingerezi, chomwe chinali chilankhulo chokha chotilumikiza.

Ndinawerama n'kuitola.

"Wapepesa katoni," anatero, n'kutembenukira anzake. "Munthu uyu wapepesa katoni."

Kuyambira tsiku limenelo ankanditcha Abusa, chifukwa cha kupepesako komanso shati yanga yomanga mabatani mpaka pakhosi. Dzinalo linafala laini yonse. Sindinadandaule. Linali dzina loyamba kupatsidwa m'dziko la eni, ndipo linachokera kwa iye.

Nthawi yopuma tinkakhala mukantini. Anyamata olankhula Chifalansa ankalanda thebulo la pawindo, pomwe ankaonera aliyense wodutsa, ndipo mkazi akadutsa ndemanga sizinkasowa. Ine ndinkangomva phokoso lokoma m'khutu osatolapo kanthu. Mtsikana uja ndi amene anayamba kundimasulira, ndikhulupirira pofuna kuona momwe nkhope ya Abusa isinthire.

"Wamva? Akuti nana. Nana ndi mtsikana basi. Ndi liwu lofewa, lokalambirako. Amayi anga angathe kulinena. Silimupweteka munthu, koma silimukwezanso."

"Nanga lina lija, lomwe wanena wamtali uja?"

Wamtaliyo anali mnyamata wa ku Ivory Coast woyendetsa kagalimoto konyamula mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, wapakamwa kuposa onse.

"Gonzesse." Anakwinya mphuno. "Limenelo limatuluka m'kamwa mwa amuna akakhala paokha. Limanunkha fodya ndi mowa. Mwamuna akachita mantha anzake amamunena kuti ndi gonzesse. Ndiye uone wekha kuti mkazi amamuyesa chiyani."

Tsiku lina anandiuza za bonne femme, liwu limene mwamuna amanena akatopa ndi mkazi wolongolola, amene sakumuonanso ngati munthu woti n'kumumvetsera. Tsiku lina za poule, nkhuku yathadzi, mkazi wosungidwa ndi mwamuna wandalama. Koma atafika pa daronne nkhope yake inafewa. Anati limenelo ndi la amayi ako okubereka. Ndi liwu la mumsewu, koma mnyamata amene amatukwana aliyense, ukangokhudza daronne wake, mumenyana.

Ndinkamvetsera ngati mwana wa m'kalasi ya ubatizo. Zinkandidabwitsa kuti anthu amodzi angakhale ndi mawu ochuluka chonchi onenera mkazi, lililonse ndi kulemera kwake ngati miyala ya pasikelo. Iye anati inunso muli nawo, usaname. Ndinamuuza za namwali, mbeta, ntchembere. Anakonda ntchembere, n'kumalibwereza uku akumata tepi. Anandikakamiza kuti ndinene limene anyamata a kwathu amanena akuluakulu kulibe. Ndinazengereza, kenako ndinanong'ona kuti njole. Anaseka mpaka kapitawo anasuzumira.

Liwu limene linkamveka kwambiri pathebulo la pawindo linali meuf. Ine ndinkatchula mefu, iye n'kumagwira pamimba. Anandiuza kuti ndi la achinyamata a m'mafulati momwe anakulira. Anatenga liwu loti femme, mkazi, n'kulitembenuza ngati malaya ovala chakunja, kuti likhale lawolawo, osati la aphunzitsi kapena apolisi.

"Ukati une meuf, ndi mtsikana aliyense wodutsa pamsewu," anatero. "Koma ukati ma meuf," anadzigunda pachifuwa, "pamenepo wauza anzako onse kuti uyu ndi wanga, aliyense amve. Si mawu a m'tchalitchi, Abusa. Koma kwathu mnyamata akanena zimenezo pabwalo, ndiye kuti sakubisa."

"Kwa ine likumveka lachipongwe," ndinatero.

"Kwa iwe chilichonse chosavala tayi n'chipongwe."

Sindingathe kuloza tsiku limene zinthu zinasintha. Anayamba kundisungira mpando m'minibasi. Ataona zala zanga zitang'ambika ndi makatoni anandibweretsera magolovesi a amalume ake. Ankandigawira chinangwa chokulunga m'masamba ndi nsomba ya tsabola wambiri, n'kumandiyang'ana ndikutuluka misozi koma ndikunenabe kuti zikomo, n'zokoma. Loweruka tinkayenda m'mbali mwa ngalande, iye akulankhula, ine ndikumvetsera. Anali munthu woyamba kuno kundifunsa funso n'kudikira mpaka nditamaliza kuyankha, ngakhale yankho langa linkabwera pang'onopang'ono ngati ngolo yamatope. Chisanu chisanathe ndinali nditadziwa kuti ndikufuna kumukwatira.

Kwathu nkhani yotere ili ndi njira yake. Mnyamata sauza amayi ake, ndipo amayi aang'ono ndi amayi ndithu. Amauza atsibweni, alongo awo a amayi ake, eni mbumba. Iwo ndi amene amakhala pansi ndi abale, n'kupeza munthu wokagogoda kwa amalume a mtsikana. Zisanatero, mtsikanayo sumuonetsa kwa makolo, sumutchula kuti ndi wako. Si wako. Ndi mwana wa eni, ndipo kumutchula wako eni akewo asanapatsidwe ngakhale moni ndi kumuchepetsa. Atsikana amene anyamata ankayenda nawo poyera pa tiredingi kwathu sanali amene ankawakwatira. Ine ndinakula ndikudziwa zimenezi monga ndinkadziwira njira ya kudimba.

Atsibweni analibe foni. M'mudzi monse foni ya m'manja inali ndi aphunzitsi aakulu a kupulaimale, ndipo inkagwira munthu akakwera pachulu kuseri kwa sukulu. Ndinagula khadi loimbira kunja pagolosale ya pakona, n'kusiya uthenga kuti Lamulungu akaweruka kutchalitchi atsibweni akakhale pachulupo. Tsikulo ndinaimba.

Anamvetsera osandidula. Kenako anafunsa ngati amapemphera, ngati makolo ake ali moyo, ndiponso ngati a ku Kongo amadziwa za ankhoswe.

"Tamva, mphwanga," anatero pomaliza. "Wachita bwino kudzera pakhomo, osati pazenera. Tikhala pansi ndi alongo angawa. Tifunenso munthu kumeneko woti atiimirire, poti ife ndege sitikwera. Pakadali pano mwana wa eni usamuyendetse poyera ngati mbuzi yogula kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nditamuuza mtsikanayo kuti ndalankhula ndi atsibweni anasangalala. Ankawatcha tonton wako, kutanthauza amalume m'Chifalansa, ndipo Lolemba lililonse m'minibasi ankandifunsa kuti tonton wako akuti bwanji. Koma kumudzi kunali dzinja. Anthu anali kumunda. Kenako kunagwa maliro a msuweni wa agogo, ndipo nkhani ya ukwati siikambidwa anthu asanamete. Kenako fodya. Ndikaimba, aphunzitsi aakulu ankandiuza kuti atsibweni ali kuchigafa, ndiyesenso sabata yamawa. Pang'ono ndi pang'ono mtsikanayo anasiya kufunsa.

Loweruka lina anandipempha kuti ndimuperekeze kumsika wa ku Bilston, komwe anamva kuti kuli nsalu zotsika mtengo. Kunkawaza kamvula. Anali atakolowetsa mkono wake m'mkono mwanga, ndipo ndinali nditaulola, poganiza kuti kuno n'kutali ndi kwathu. Tikukhota pa benchi ya masamba ndinangoona amayi aang'ono, ali ndi anzawo awiri a kuchipatala, akusankha kabichi.

Thupi linachita lokha. Ndinasolola mkono, n'kusuntha pang'ono, n'kuvula chipewa.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera, kaya iwe? Wafika mpaka kuno?" Anamuyang'ana mtsikanayo kamodzi kokha, n'kumupatsa moni m'Chingerezi, mwaulemu, ngati munthu amene wangoima pafupi. Sanafunse dzina. Anzawo aja nawonso anangoti maso pa kabichi. "Usachedwe, kukuzizira. Ine ndili ndi shifiti mawa, ukawatengere ana kutchalitchi."

Mumtima ndinawathokoza. Anali atandichitira chifundo chachikulu chimene mayi angachitire mwana wake: anaona, n'kukhala ngati sanaone, kuti nkhani idzalowe m'nyumba mwawo kudzera pakhomo loyenera. Ndinatembenuka ndikumwetulira kuti ndimufotokozere. Iye anali akuyang'ana nsalu ina yomwe sanali kuifuna.

Sanagule kanthu. Pobwerera m'tiramu, kasitima ka m'tauni, tinadutsa masiteshoni angapo. Kenako analankhula maso ali pawindo.

"Pali liwu lina sindinakuphunzitse. Deuxième bureau. Ofesi yachiwiri. Limenelo ndi la kwathu ku Kinshasa. Likumveka laulemu, eti? Silinunkha mowa. Mwamuna ali ndi mkazi wake kunyumba, ndiye ali ndi wina amene amapitako ngati akupita kuntchito. Amayi anga anali ameneyo."

Anapukuta nthunzi pagalasi n'kupitiriza.

"Bambo anga anali munthu waulemu kwambiri. Sanawatukwanepo amayi. Ankawagulira nsalu. Koma tikakumana nawo m'tauni ali ndi abale awo, ankachita zimene wachita iwezi. Ankasuntha pang'ono. Ndipo abale awowo ankatipatsa moni wabwino."

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati kwathu n'zosiyana, amene ukumubisa ndi amene ukufuna kumukwatira. Ndinati mbewu suiyanika panjira. Ndinati amayi aang'ono sanamunyoze, amulemekeza. Chingerezi changa chinkaphunthwa, koma ndinanena zonse.

"Ndakumva," anatero. "Ndikudziwa kuti sukunama, Abusa. Iwe sungathe n'kunamiza katoni komwe. Koma mkono wako utachoka, ine ndinabwerera kukhala kamwana koima pambali pa amayi ake, kakudikira kuti bambo ake anene kuti ndi ndani."

Lamulungu lotsatira ndinaimbanso kumudzi. Atsibweni anali atapita kukagulitsa fodya. Ndinapempha aphunzitsi aakulu kuti awauze kuti nkhani ija ikufunika changu, ndipo nditadula ndinachita manyazi kuti ndafulumizitsa akuluakulu.

Sipanapite nthawi yaitali, tsiku lina mukantini, wamtali uja anandiitana kuchokera pathebulo la pawindo. Ine ndi mtsikanayo tinali titakhala pamodzi monga mwa masiku onse, tikugawana buledi.

"Abusa, tatiuzani lero," anatero mokweza, akusakaniza Chingerezi ndi Chifalansa. "C'est ta meuf? Ndi wanu kapena ayi? Chifukwa ngati si wanu, pali anthu pano akufuna kudziwa."

Anzake anayamba kugogoda thebulo. Kantini yonse inatembenuka. Iye sanadzutse mutu. Ankatakasa tiyi amene anali atamutakasa kale, koma supuni inkayenda pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa kuti akumvetsera.

Yankho ndinkalidziwa. Mawu awiri okha, ndipo anandiphunzitsa yekha tanthauzo lake ndi kulemera kwake. Panalibe chimene sindinamve. Koma m'khutu munali mawu a atsibweni, ndipo pamaso panga panali amalume ake a mtsikanayu, bambo amene ndinali ndisanawapatse moni, amene magolovesi awo ndinali nditavala. Ndinaganiza za tsiku limene adzakhale mayi wa ana anga, anthu n'kumakumbuka kuti ndinayamba kumutchula wanga mukantini, poyankha chipongwe cha mnyamata woyendetsa mapaleti. Ndinkafuna kumupatsa chachikulu kuposa chimenecho.

"Ndi munthu amene ndimamulemekeza," ndinatero. "Nkhani yake ili m'manja mwa akuluakulu."

Kuseka kunaphulika. Wina anati Abusa akudikira chilolezo cha bishopu. Wina anati pofika nthawiyo onse adzakhala ndi ndodo. Iyenso anaseka pang'ono pamodzi nawo. Anamaliza tiyi wake, n'kukatsuka kapu, n'kubwerera ku laini belu lisanalire.

Sitinakangane. Mwina tikanakangana zikanakhala bwino. Mpando m'minibasi ankandisungirabe, koma chikwama chake chinkakhala pakati pathu. Anasiya kundimasulira za pathebulo la pawindo. Ndikamufunsa kuti anena chiyani, ankati palibe, zopusa basi. Kenako anasinthitsa masiku ake a ntchito, ndipo chilimwe cha kuno chitayamba anasiyiratu, n'kukalowa pa saluni ina ya pa Soho Road komwe ankaluka tsitsi. Ndikamuimbira ankayankha, koma nthawi zonse anali ndi kasitomala pampando. Ine ndinkadziuza kuti yankho la atsibweni likabwera zonse zidzawongoka. Ndinkakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse.

Yankho linabwera Lamulungu lina masana, litavala suti. Anali mkulu wa mpingo wa ku Bilston, bambo a ku Kasungu omwe mkazi wawo anali nesi, ndipo atsibweni anawapeza kudzera mwa abusa a kumudzi. Anakhala pasofa m'chipinda chochezera, chipewa chili pabondo. Amayi aang'ono anathamangitsira ana kumwamba, n'kuvala chitenje pamwamba pa thalauza, n'kukhala pansi pakapeti. Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini.

"Mayi, ndatumidwa ndi eni mbumba," anayamba bambowo. "Akuti tambala wanu m'nyumba muno waona msoti kwa eni. Akumudzi akhala pansi, avomera. Andipempha kuti ndikagogode."

Amayi aang'ono analuluta chapansipansi, poopa oyandikana nawo khoma. Kenako anakwera kumwamba n'kutsika ndi chitenje chatsopano chopindidwa bwino, chobiriwira, cha maluwa achikasu.

"Ndinagula sabata yomwe ija ya kumsika," anandiuza. "Ukuyesa sindinaone? Ndinaona zonse, mkono womwe. Anzanga aja akhala akundivutitsa pa shifiti, ine n'kumati sindikudziwa kanthu, sindinauzidwe. Mtsikana wamaso abwino. Koma atsibweni akowa, a, kuchedwa ngati basi ya Lamulungu. Kamupatse, umuuze kuti zachokera kwa amayi."

M'mawa mwake sindinapite kukoleji. Ndinasita shati, n'kuika chitenjecho m'pepala, n'kuyenda wapansi mpaka ku Soho Road. Ndinamuona pagalasi akuluka kamtsikana kena, zala zikuyenda mofulumira ngati pa tepi paja. Atandiona anauza mnzake kuti agwirizire, n'kutuluka akupukuta manja.

Ndinamuuza zonse mwandondomeko: atsibweni avomera, nkhoswe yapezeka, ikufuna kudziwa tsiku loti ikaonane ndi amalume ake, amayi aang'ono ankadziwa kuyambira kale ndipo atumiza ichi. Anatsegula pepala, n'kusisita nsaluyo ndi chala. Ndinaona kuti mawu anga onse aulemu akugwera pansi ngati katoni ija. Ndiye ndinapuma mpweya, n'kunena chimene ndinali nditayeserera njira yonse.

"Ma meuf."

Anamwetulira, koma maso anadzaza.

"Watchula bwino," anatero. "Lero watchula bwino kwambiri." Anayang'ana uku ndi uku. Pamsewu pankadutsa mabasi, ndi mayi wina wokankha mwana m'kangolo. "Koma pano palibe munthu, Abusa. Mawu amenewa sauza mwini wake. Amauza anthu."

"Ndikauza anthu. Tsopano ndingathe. Ndikauza kantini yonse."

"Ndikudziwa kuti ungathe, poti wapatsidwa chilolezo." Sananene mwaukali. "Mwezi ukatha ndikubwerera ku Paris. Amayi sakupeza bwino miyendo, ndipo ndawauza kale kuti ndikubwera. Kudikira sikunanditopetse. Chinanditopetsa ndi munthu amene ndinkasanduka ndikudikira. Ndinayamba kuyenda kumbuyo kwako pang'ono tisanakumane n'komwe ndi aliyense. Ndinazindikira tsiku lina kuti ndikuyenda ngati amayi anga."

Ndinati tidzakonza. Ndinati ndidzapita naye ku Paris, nkhoswe idzakwera sitima. Ndinanena zambiri kuposa zimene ndinali nditanena chifikireni m'dziko lino. Anandimvetsera mpaka nditamaliza, monga ankachitira nthawi zonse. Kenako anapinda chitenjecho m'mapindo ake omwe, n'kuchibwezera m'pepala, n'kundipatsa ndi manja awiri. Zimenezo anaphunzira kwa ine.

"Ukawathokoze a daronne ako. Uwauze kuti n'chokongola." Anandigwira tsaya. "Iwe ndiwe munthu wabwino. Udzapeza ntchembere yako, yodziwa kuwerenga ulemu wako."

Anabwerera mkati, n'kukatenga tsitsi la kamtsikana kaja pomwe analisiyira.

Amayi aang'ono atandiona ndikulowa ndi pepala lija sanafunse. Analilandira n'kukwera nalo kumwamba. Mkulu wa mpingo nditawauza anapukusa mutu, n'kunena kuti nkhani yolowera pakhomo imatulukiranso pakhomo: popeza eni mbumba anauzidwa, ayenera kuuzidwanso, ndipo woyenera kuwauza ndi ine mwini nkhani.

Ndinasiya uthenga kwa aphunzitsi aakulu, ndipo Lamulungu ndinaimba. Ndinali nditakonza mawu oti ndiwauze atsibweni, afupi, opanda kudandaula. Koma foni itayankhidwa ndinamva phokoso la anthu ambiri, ana, nkhuku, mphepo ya pachulu.

"Mphwanga, dikira kaye," anatero atsibweni akuseka. "Pali munthu wandilanda foni."

Anali amayi anga. Chichokereni kumudzi ndinali nditalankhula nawo kangapo kokha, chifukwa ankaopa foni, ankati imawathera mawu. Tsiku limenelo anakwera chulu okha.

"Mwanawe," anakuwa, monga amachitira anthu osazolowera foni. "Ali bwanji apongozi anga?"

Ndinasamutsira foni ku khutu lina.

"Ukundimva? Ndati apongozi anga ali bwanji? Kuno mudzi wonse wamva. Alongo akowa akungokangana kuti alamu athu a ku Falansa adzagona kwa ndani. Ndawasungira mtedza, wosankha, sindinagulitse. Uwauze kuti asaope, Chichewa tidzawaphunzitsa. Amadya nkhwani?"

Kumbuyo ndinamva mlongo wanga wamng'ono akukuwa kuti alamu, alamu, akufuna foni imufikire.

"Ali bwino, amayi," ndinatero. Sindinaname. Kenako ndinapempha kuti abwezere foni kwa atsibweni, ndipo ndinawapempha kuti atsike pachulu, apite poduka mphepo, kutali ndi anthu. Anati akatsika foni isiya kugwira. Ndiye ndinawauza ali pomwepo, amayi ataima pambali pawo akudikira kuti alankhulenso.

Ganyu ya ku Coventry ndinapitiriza mpaka nditamaliza koleji. Pathebulo la pawindo ankalankhulabe, ndipo tsopano ndinkamva ndekha: nana, gonzesse, meuf, lililonse ndi kulemera kwake. Panalibe wondimasulira, ndipo sindinkafunanso. Wamtali uja anasiya kundiseka. Tsiku lina anandiikira kapu ya tiyi patsogolo.

Mtsikana uja anandiphunzitsa mawu onse a kwawo onenera mkazi, okoma ndi owawa omwe, osabisa ngakhale limene linapweteka amayi ake. Ine ndinamupatsa namwali, mbeta, ntchembere ndi njole. Liwu loti mpongozi sindinamuphunzitse, chifukwa nthawi yake inali isanakwane. Anakwera sitima ya ku Paris akudziwa kuti m'dziko lino panalibe amene anamutchula wake pamaso pa anthu. Sanadziwe kuti ku Mchinji, m'mudzi umene sanaupondepo, mayi wina anali atamutchula kale wake pamwamba pa chulu, mokweza, mudzi wonse ukumva.